Kodi Cimanga Cimabala Anankafumbwe?

Ambiri a ife timati nankafumbwe amabadwa ndi cimanga, cifukwa timakolola ngala zooneka bwino, koma pakapita miyezi yowerengeka m'nkhokwe muli fumbi lokhalokha. Musacite manyazi ndi maganizo amenewa, pakuti anthu ophunzira a ku Ulaya anakhulupirira zotere zaka pafupifupi 2,000.

Aristotle, mphunzitsi wamkulu wa ku Greece amene anamwalira m'caka ca 322 Yesu asanabadwe, anaphunzitsa kuti tizirombo tina timangotuluka tokha m'matope ndi m'zinthu zobvunda, popanda mai kapena dzira. Mau ake anali ngati lamulo. Ngakhale m'zaka za m'ma 1600, Jan van Helmont, sing'anga wa ku Brussels, analemba kuti mukaika tirigu ndi malaya a thukuta mumtsuko, pakapita masiku 21 mutuluka mbewa. Mbewazo anazionadi, koma inu eni nkhokwe mudziwa bwino kumene zinalowera.

Amene anayamba kutsutsa ndi Francesco Redi wa ku Italy, m'caka ca 1668. Iye sanacurutse mau. Anatenga nyama naiika m'mitsuko. Ina anaisiya yapululu, ina anaitseka ndithu, ina anaiphimba ndi nsalu yopyapyala kuti mpweya uzilowa koma nchenche ai. Mphutsi zinadzaza m'mitsuko yapululu yokha. Pa mitsuko ya nsalu ija nchenche zinadza zitamva pfungo, ndi kuikira mazira pamwamba pa nsaluyo, koma nyama ya m'katimo inalibe mphutsi ngakhale imodzi. Apo zinaoneka poyera kuti mphutsi ndi mwana wa nchenche, si mwana wa nyama.

Mlandu sunathere pomwepo. Atapanga magalasi okulitsa zinthu, anthu anaona tizirombo tosaoneka ndi maso m'msuzi wosasa, nati, tating'ono timeneti ndiye timabadwa tokha. Anakangana zaka zina pafupifupi 200, kufikira Louis Pasteur wa ku France anawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lalitali lopindika. Mpweya unkalowa, koma fumbi linkatsalira m'khosimo, ndipo msuzi sunasase. Atathyola khosi la botolo, unasasa m'masiku ocepa. M'caka ca 1862 bungwe la akatswiri a sayansi la ku Paris linampatsa mphotho cifukwa ca nchitoyi.

Tsono tibwerere ku nkhokwe zathu. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, ndi kuikiramo dzira, ndi kumata pakhomo pake, kotero kuti njereyo imaoneka yabwinobwino. Kamphutsi kamadya m'kati mosaoneka, ndipo nyengo ikakhala yofunda kamatuluka kali nankafumbwe patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Nthawi zambiri dziralo limalowa cimanga ciri m'munda, makamaka pa ngala zimene makoko ake sanaphimbe nsonga. Amakewo amauluka kucokera m'nkhokwe zakale za m'mudzi momwemo.

Cifukwa cake, musanakolole, sesani nkhokwe ndi kutentha zinyalala zake zonse. Cimanga catsopano musaciike pamwamba pa cakale, ndipo ciume bwino musanacisunge. Ngala za nsonga yoonekera muziike padera, muyambe kudya zimenezo. Inu mafumu, nchitoyi iyenera kucitika mudzi wonse pamodzi, pakuti nkhokwe imodzi yosasesa itha kutumiza anankafumbwe ku minda ya anzake. Itanani anthu anu pabwalo mwezi wa April usanathe, mupangane tsiku losesa.