Mbiri ya Mkangano wa soffice: Fayilo Imodzi, Eni Ake Awiri

Munthu wogwiritsa ntchito Debian kapena Ubuntu akati aike Apache OpenOffice mu kompyuta yomwe muli kale LibreOffice, zonse zimayenda bwino mpaka atafika pa phukusi lomaliza. Maphukusi akuluakulu amalowa popanda vuto mu foda ya /opt/openoffice4. Chimatsala ndi kaphukusi kotchedwa openoffice-debian-menus, komwe ntchito yake yaikulu ndi kuika pulogalamuyo pa menyu. Apa ndi pomwe dpkg, pulogalamu yoika maphukusi, imakana kwamtuwagalu. Imati kaphukusika kakufuna kulemba pamwamba pa /usr/bin/soffice, pomwe fayiloyo ili kale m'manja mwa phukusi la libreoffice-common.

Dzina la soffice ndi lakale kuposa mapulogalamu onse awiri omwe akulilimbirana. Mu 1985, mnyamata wina wa ku Germany, Marco Börries, anayambitsa kampani ya StarDivision mu mzinda wa Lüneburg. Anayamba ndi pulogalamu yolembera ya StarWriter, ndipo m'kupita kwa nthawi inakula n'kukhala StarOffice. Fayilo yoyatsira pulogalamu yonseyo anaitcha soffice; yolembera inali swriter, yowerengetsera scalc. Mu 1999 kampani ya Sun Microsystems inagula StarDivision, ndipo mu October 2000 inatsegula khodi yake kuti aliyense aione ndi kuisintha. Ndi momwe OpenOffice.org inabadwira, ndipo mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2002. Dzina la pa chikuto linasintha, koma la m'kati linakhala lomwelo.

Nthawi yomweyo, ku mbali ya Linux kunali kukhwima lamulo lina. Debian, yomwe Ian Murdock anaiyambitsa mu 1993, inabwera ndi dpkg, pulogalamu yosunga kaundula wa fayilo iliyonse imene phukusi laika. Mukatsegula foda ya /var/lib/dpkg/info mupezamo mafayilo othera ndi .list, ndipo iliyonse ndi mndandanda wa katundu wa phukusi limodzi. Lamulo lake n'losavuta kumva: fayilo imodzi, mwini mmodzi. RPM ya Red Hat nayo imakana maphukusi awiri akabweretsa mafayilo osiyana pa malo amodzi. Popanda lamuloli, kuchotsa pulogalamu ina bwenzi kukuzula ziwalo za inzake mwini kompyuta osadziwa. Debian inaikanso njira zokambirana: wokonza phukusi atha kulemba Conflicts kutanthauza kuti awiriwa sangakhale limodzi, kapena Replaces kutanthauza kuti ili likutenga mafayilo a linzake. Palinso update-alternatives, yomwe imalola mapulogalamu angapo kusinthana dzina limodzi mwadongosolo.

Kwa zaka pafupifupi 10, soffice inali ndi mwini mmodzi, ngakhale kuti kuseri kunali kung'ung'udza. Akatswiri a kunja kwa Sun ankadandaula kuti zokonza zawo zimachedwa kulandiridwa, moti ena, kuphatikizapo Michael Meeks wa ku Novell, ankasunga zokonzazo paokha mu ntchito yomwe inadzatchedwa Go-oo. Oracle itamaliza kugula Sun mu January 2010, nkhawa zinakula. Pa 28 September chaka chomwecho, gulu la odzipereka linalengeza bungwe la The Document Foundation, ndipo pulogalamu yake yochokera ku khodi ya OpenOffice.org, LibreOffice 3.3, inatuluka mu January 2011. Ubuntu 11.04, Fedora 15 ndi openSUSE 11.4 zonse zinasamukira ku LibreOffice m'chaka chomwecho. Ku Debian ndi Ubuntu, maphukusi akale a openoffice.org anasanduka zikhungwa zopanda kanthu, zongokokera LibreOffice m'malo mwake. Kusamuka kumeneku kunayenda bwino chifukwa anthu omwewo ndi amene ankakonza maphukusi akale ndi atsopano, ndipo analemba bwinobwino kuti ndani akulowa m'malo mwa ndani.

Koma OpenOffice sinafe. Mu June 2011 Oracle inapereka khodi ndi dzina ku Apache Software Foundation. Apache OpenOffice 3.4 inatuluka mu May 2012, ndipo 4.0 mu July 2013, itatenga zina kuchokera ku Lotus Symphony ya IBM. Kuyambira apo nkhaniyi inangokhala ngati ya chuma cha masiye: ana awiri a bambo mmodzi, aliyense akuti kiyi wa pakhomo ndi wake. Ndipo palibe amene akunama. Onse awiri anatengera soffice kwa kholo lawo, ndipo onse ali ndi chifukwa choisungira, popeza mapulogalamu ambirimbiri amaitana dzina limeneli. Pa maseva a m'maofesi ndi m'masukulu, lamulo loti soffice --headless --convert-to pdf ndi lomwe limasandutsa makalata kukhala PDF popanda munthu kutsegula windo. Kusintha dzinalo kungaphwanye ntchito za anthu osalakwa.

Vuto lenileni n'lakuti maphukusi awiriwa amachokera m'manja mosiyana. La LibreOffice limakonzedwa ndi anthu a Debian ndi Ubuntu, pomwe la Apache munthu amachita kukalitenga yekha pa intaneti, ndipo silidutsa m'manja mwa amene amaonetsetsa kuti maphukusi akugwirizana. Ambiri akaona uthenga wokana uja amathamangira ku dpkg --force-overwrite. Njira imeneyi ndimaitsutsa ndithu. Imatseka dpkg pakamwa tsiku limenelo lokha, ndipo libreoffice-common yatsopano ikabwera mkangano umabuka kachiwiri, ulendo uno pulogalamu yonse yoyendetsa maphukusi ya apt n'kuima, maphukusi ena osakhudzidwa n'komwe n'kulephera kulowa. Wofuna OpenOffice yokha ndi bwino achotseretu LibreOffice. Wofuna zonse ziwiri asiye kaphukusi ka menyu kaja n'kumayatsa OpenOffice kuchokera mu /opt/openoffice4/program, kapena agwiritse ntchito dpkg-divert, yomwe imasunthira fayilo ina pambali ndi kulemba m'kaundula kuti yatero.

The Document Foundation inalizemba vutoli mwanzeru m'maphukusi omwe imapereka yokha. Mtundu uliwonse umalowa mu foda yakeyake pansi pa /opt, ndipo dzina loitanira limakhala ndi nambala, monga libreoffice7.6, kotero mitundu iwiri imatha kukhala limodzi mwamtendere. Cha m'ma 2016 kunafalanso Snap ya kampani ya Canonical ndi Flatpak, yomwe Alexander Larsson wa ku Red Hat anaiyambitsa. Izi zimatsekera pulogalamu iliyonse mu mpanda wake pamodzi ndi zonse zomwe imadalira, moti sipakhalanso kulimbirana /usr/bin. Mtengo wake ulipo: zimadya malo ambiri pa disiki ndi data yambiri pozitenga, ndipo kapulogalamu kakale koitana soffice sikaipeza LibreOffice ya Flatpak mpaka mwini wake atakalembanso kuti kaziitana flatpak run org.libreoffice.LibreOffice.