Mudzi Umene Sanakeribu Sanaulanda

M'caka ca 701 Kristu asanabadwe, Sanakeribu mfumu ya Asuri anakwera kudzathira nkhondo dziko la Yuda. Panali patapita zaka ngati 20 cigwere Samariya m'manja mwa Asuri omwewo, ndipo a ku Yerusalemu anadziwa bwino zimene zigwera mudzi wolandidwa.

Mfumu Hezekiya sanakhala manja lende. Analimbitsa linga, natseka akasupe a kunja, nakumbitsa ngalande m'thanthwe, ya mamita 533, yakutenga madzi a ku Gihoni kulowa nao m'thamanda la Siloamu. Madzi ayendamobe kufikira lero. Anaperekanso msonkho, matalente 300 a siliva ndi 30 a golidi, mpaka kukanganula golidi wa pa zitseko za Kacisi. Apa sitimtama ai. Anacita ndi mantha, ndipo msonkhowo sunabweza adani. Koma pomfika kalata wamwano, anakwera naye ku nyumba ya Yehova, namfunyulula pamaso pace, napemphera. Buku laciwiri la Mafumu litiuza kuti mthenga wa Yehova anakantha Asuri 185,000 usiku umodzi.

Tsono timve mboni yina, ndiye mdani mwini. M'caka ca 1830 ku Nineve kunapezeka coumba cadothi ca mbali 6, colembedwa mbiri ya nkhondo zace. Cisungidwa ku British Museum, ku London. M'menemo Sanakeribu adzitama kuti analanda midzi yamalinga 46, natenga anthu 200,150, natsekera Hezekiya monga mbalame m'cikwere. Koma zakuti analowa m'Yerusalemu sanena konse. Ndipo pa makoma a nyumba yace anazokotetsa kugwa kwa Lakisi, mudzi wocepera. Kodi mlenje amene anapha njati apacika nyanga za gwape pakhomo?

Komatu, abale, tisapitirire Lakisi msanga. Pa miyala ija paoneka akazi atasenza akatundu, ana ali pambuyo, ndi amuna opyozedwa pamitengo. Iwonso anali Ayuda. Cifukwa cace tisaphunzitse ana athu kuti wosungidwa ndi Mulungu sagwetsa misozi. Cimene Yehova analonjeza mwa Yesaya ndico kuti otsala adzamera mizu, ndi kuti mudziwo adzaucinjiriza cifukwa ca Iye mwini ndi ca Davide mtumiki wace.

Sanakeribu anabwerera ku Nineve, ndipo ku Yuda sanadzanso. M'caka ca 681 ana ace omwe anamupha ndi lupanga, alikupembedza m'nyumba ya mulungu wace.