MBIRI YA MALO OKHALA PAFUPI NDI MZINDA

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Nkhotakota. Taisindikiza muno kuti mafumu aiwerengere anthu ao pabwalo.

 Usiku uno sindinena za kuokera mpunga kapena za matenda a chinangwa iai. Ndifuna tikambirane chinthu chimene ambiri a ife timachiganizira pamene tagulitsa mpunga, nzimbe kapena nsomba, ndicho kugula malo kapena nyumba pafupi ndi mzinda, pamalo poti mwana angadzuke m'mawa nakafika ku nchito kapena ku sukulu pa miyendo yache, osalipira galimoto. Ndarama zogulira malo otere ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo zikalowa m'madzi sizibweranso. Chifukwa chache nkwabwino kuti tiyambe taona m'mene anthu anachitira kale, ndi zimene anakomana nazo.

Mzinda wa Jumbe

Ana ambiri a masiku ano akamva mau akuti mzinda amaganiza za Lilongwe kapena Blantyre. Koma Blantyre asanamangidwe, Lilongwe ali kamudzi chabe, mudzi waukuru woposa yonse m'mbali mwa nyanja yathu unali kuno ku Nkhotakota. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wamalonda dzina lache Salim bin Abdallah, amene anapempha malo m'dziko la Mfumu Malengachanzi. Iyeyo ndiye anali Jumbe woyamba. Anasankha malo ano chifukwa cha mchenga wa Sungu umene umatchinjiriza dooko ku mafunde, kotero kuti zombo zache zinkaima bwino ndi kuoloka kupita kutsidya, kumene njira inkapitirira mpaka ku Kilwa.

M'zaka zomwezo Angoni ankathira nkhondo midzi ya kumtunda. Anthu ambiri anasiya mabwinja ao nadza kudzamanga pafupi ndi linga la Jumbe, pakuti iye anali ndi mfuti. Mpaka lero tikati tikupita ku Linga tikutchula mbiri imeneyo. Dr. David Livingstone anapita pano pa bwato m'chaka cha 1861, nabweranso pansi mu 1863, ndipo anaona kuti anthu achuruka kwambiri pa zaka ziwiri zokha. Mkuyu umene anthu amati anakhala patsinde pache ulipobe pabwalo la Mishoni.

Taonani ubwino wa mudzi umenewo. Munthu ankatuluka m'nyumba mwache nafika ku dambo la mpunga, ku dooko ndi ku malo a malonda dzuwa lisanakwere. Zonse zinali pafupi. Aswahili anabwera ndi ulimi wa mpunga wambiri, ndipo mpunga wa Kota Kota unatchuka m'dziko lonse. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chuma cha mzindawo chinali minyanga ya njobvu ndi akapolo. Anthu zikwi zambiri anaolotsedwa pa dooko lomweli osabwereranso. Wothawa nkhondo anapeza pogona, koma malowo sanali ache. Ankakhala mwa chifundo cha mwini mfuti, ndipo analibe kodandaula.

Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wachitatu. Jumbeyo anamwalira mu 1894, chaka chimene a Mishoni ya U.M.C.A. anakhazikika pano, ndipo womlowa m'malo anachotsedwa pa mpando natumizidwa ku Zanzibar. Kuyambira pamenepo Kota Kota anasanduka boma la chigawo cha Marimba. Malonda akuru anasamukira kumwera, kumene kunali Azungu a minda ndi njanji. Anyamata athu anayamba ulendo wa ku Harare ndi ku Joni kukafuna ndarama za msonkho. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera, namanga nyumba za njerwa. Ena anakhala machona.

Oyenda pansi a ku Blantyre

Blantyre anayamba ndi Mishoni ya ku Scotland mu 1876, ndipo kampani ya Mandala inatsatira mu 1878. Njanji inafika mu 1908, nikulitsa Limbe. Mizinda iwiriyi inaphatikizidwa mu 1956. Koma m'kati mwa tauni, m'mene munali miseu yabwino ndi madzi a m'mipope, munali mwa Azungu ndi Amwenye. Munthu wakuda ankalowamo m'mawa kukagwira nchito, natuluka madzulo. Ochepa okha ndiwo ankagona m'tinyumba ta kuseri kwa nyumba za mabwana ao kapena m'makomboni a makampani.

Nanga enawo ankagona kuti? Ankapempha malo kwa mafumu a midzi yozungulira tauni, monga ku Ndirande, namanga nyumba za dothi. Amene anayamba kufika anapeza malo apafupi. Ochedwa anapatsidwa malo akutali, ndipo ena ankayenda maora awiri kupita ndi awiri kubwera, tsiku ndi tsiku, mvula ndi dzuwa lomwe. Munthu wotere ankafika pa nchito atatopa kale, ndipo ana ache ankamuona Lamulungu lokha. Malo ambiri a m'dera limenelo anali a Azungu a minda kuyambira zaka za m'ma 1890, ndipo wokhalapo ankalipira lendi kapena kugwira thangata, kufikira pamene thangata linathetsedwa mu 1962.

Njala ya 1949 inaonetsa bvuto lina. Olembedwa nchito ku Boma ndi m'makampani ankalandira phoso, koma amene analibe nchito yokhazikika, opandanso munda wodalirika, anasauka koposa. Nyumba yapafupi ndi tauni siidyedwa. Mau amenewa muwasunge, pakuti tibwereranso kwa iwo.

M'zaka za m'ma 1950 Boma linayamba kumangira anthu akuda nyumba cha ku Soche, ndipo mu 1964 linakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation. Panabweranso njira yina: bungwe linkadula mapuloti, kulambula miseu ndi kuika mipope ya madzi, munthu namanga yekha nyumba monga mwa mphamvu zache. Njira imeneyi inathandiza ambiri, koma mapuloti sanakwanire konse. Ndirande anapitirira kudzaza, nyumba kugundana khonde ndi khonde, chifukwa anthu anaona kuti nkwabwino kukhala mothithikana pafupi ndi mafakitale kusiyana ndi kukhala motakasuka kutali.

Lilongwe, mzinda wotambalala

Kwa ife a kunyanja kuno mzinda waukuru wapafupi ndi Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 200 kudzera ku Salima. Pa kalembera wa 1966 m'Lilongwe munali anthu osakwana 20,000. Boma litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe lomanga mzinda watsopano mu 1968, ndipo Lilongwe anakhala likulu la dziko mu 1975. Pofika 1977 anthu anali pafupi 99,000, ndipo pa kalembera wa 2018 anali 989,318.

Amene anajambula mapu a mzindawu anafuna mzinda wa mitengo ndi mabwalo. Anaika maofesi a Boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, msika waukuru unatsala ku Old Town, ndipo nyumba anazigawa m'madera a manambala otalikirana. Kwa munthu wa galimoto mzinda wotere ndi wokoma. Kwa woyenda pansi ndi wowawa, pakuti kuchokera ku Old Town kufika ku City Centre ndi ulendo woposa ora limodzi. Chifukwa chache m'Lilongwe funso lakuti nyumba iri pafupi ndi tauni liribe tanthauzo. Funso loyenera ndi lakuti iri pafupi ndi nchito iti. Wa ku Area 25 ali pafupi ndi Kanengo, koma ali kutali ndi msika waukuru. Wa ku Kawale, Biwi kapena Mchesi angafike ku Old Town pa miyendo, koma Kanengo kwa iye nkutali.

Zimene zinachitika ku Ndirande zinachitikanso kuno. Mapuloti a Boma atachepa, anthu anapita kwa mafumu a m'malire mwa mzinda, ndipo midzi ya Chinsapo ndi Mtandire inakula msanga popanda miseu yolongosoka. Minda ya chimanga inasanduka nyumba. Mabanja amene anagulitsa minda yao analandira ndarama tsiku limodzi, koma ndarama zinatha, ndipo adzukulu ao ambiri lero alibe polima.

Musaganize kuti zimenezi ndi za kutali. Pamene fakitale ya shuga inayamba ku Dwangwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, anthu ena a m'dera la Mfumu Kanyenda anasamutsidwa kuti papite nzimbe, ndipo anchito ochokera m'maboma ambiri anadzafuna pogona pafupi ndi fakitale. Mseu wa m'mbali mwa nyanja unachititsa kuti malo a m'mphepete mwache akhale a mtengo. Pa boma pathu pomwe pano, pa kalembera wa 2018 panali anthu oposa 28,000. Tsono mfumu iri yonse imene mudzi wache uli pafupi ndi boma, ndi Dwangwa kapena ndi mseu waukuru, idziwe kuti alendo ofuna malo afika pakhomo pache, ngati sanafike kale.

Zimene mbiri itiphunzitsa

Poyamba, funsani kuti malowo ndi a mtundu wanji. Lamulo la malo la 1965 linagawa malo patatu: a Boma, a munthu payekha, ndi a makolo amene mafumu amayang'anira. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga malamulo atsopano, amene anayamba kugwira nchito mu 2018 nakonzedwanso mu 2022. Mwa malamulo amenewa banja lingathe kulembetsa malo ache a makolo ndi kulandira chikalata, kupyolera mu komiti ya malo imene wapampando wache ndi gulupu, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu ayenera kukhala amai. Pa mwambo wathu mfumu ndi msungi wa malo, si mwini sitolo. Kapepala kolembedwa pamanja pansi pa mtengo wa mango sikafanana ndi chikalata cha Boma. Musanapereke ndarama, pitani ku ofesi ya malo pa boma kapena ku khonsolo ya mzinda, mukaone dzina lolembedwa m'kaundula. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, funsani ngati mbumba yabvomera. Kwathu kuno malo ambiri amatsata mbumba, ndipo munthu mmodzi sangawapereke yekha. Milandu yambiri ya pabwalo imayamba pamene mphwache wagulitsa malo malume osadziwa, kapena malo amodzi agulitsidwa kwa anthu awiri. Inu mafumu, itanani mbumba yonse ndi eni malire a mbali zonse musanachitire umboni chinthu chiri chonse.

Chachitatu, yendani nokha ulendowo. Musakhulupirire wogulitsa pamene akuti ndi pafupi. Dzukani m'mawa pamalopo, muyende pansi kufikira ku nchito, ku sukulu, ku chipatala ndi ku mjigo, muwerenge nthawi. Kenaka muwerenge ndarama za minibasi kapena kabaza za tsiku limodzi, muchulukitse ndi masiku a nchito a chaka chonse. Mudzaona kuti puloti yotsika mtengo ya kutali nthawi zina imadya ndarama zoposa puloti yokwera mtengo ya pafupi.

Chachinai, kaoneni malowo nthawi ya dzinja. Ife a kunyanja tidziwa kuti madzi ali ndi malire ao. Cha m'ma 1915 nyanja inaphwa kwambiri kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kuyenda bwino. M'zaka za m'ma 1930 inadzazanso nimiza minda. Mu 1980 inakwera koposa, ndipo mu 2024 inalowanso m'nyumba za m'mbali mwa gombe, chaka chomwecho madzi osefukira atasautsa anthu a ku Dwangwa. Malo a m'dambo ndi a mpunga. Funsani nkhalamba za pamalopo kuti madzi anafika pati, ndipo mumange kumtunda kwa pamenepo.

Chachisanu, musagulitse munda kuti mugule puloti. Kumbukirani 1949. Nchito ya m'tauni imatha, koma dambo losamalidwa bwino limadyetsa banja chaka ndi chaka. Gulani malo a m'tauni ndi phindu la munda, mundawo utsale. Ndipo mukamanga nyumbayo, lembani wilo. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mkazi wamasiye ndi ana kwa olanda chuma, koma pamene mwini wache analemba mau ache, mkangano umachepa.

Kufuna kukhala pafupi ndi nchito ndi chinthu chanzeru, ndipo makolo athu anachifuna kuyambira masiku a linga la Jumbe. Amene anapindula ndi amene anadziwa mwini malo weniweni, nayeza ulendo ndi miyendo yao, nasunga munda wao kumudzi. Mafumu, kambiranani nkhaniyi ndi anthu anu pabwalo mpunga usanagulitsidwe, pakuti ndarama zikafika m'manja makutu samvanso malangizo. Amene ali ndi mafunso afike kwa mlangizi wa m'dera lao kapena ku ofesi ya malo pa boma.