Mlandu wa Chaulere Umene Roma Sanaugamule

Pa milandu yonse ya chiphunzitso imene inafikapo pamaso pa Apapa, ulipo umodzi umene unazengedwa zaka pafupifupi khumi, nkutha wopanda chigamulo. Unali pakati pa zipani ziwiri za ansembe, Madominikani ndi Majezuiti, ndipo nkhani yake inali yakuti: ngati Mulungu ndiye mwini zonse, ndipo palibe munthu angatembenuke mtima popanda chaulere chake, nanga ufulu wa munthu wovomera kapena kukana uli pati?

Gwero la mlanduwu ndi Msonkhano waukulu wa ku Trent. M'chaka cha 1547, poyankha Luther ndi anzake, Maepiskopi anaphunzitsa zinthu ziwiri pamodzi: kuti Mulungu ndiye amayamba kuitana munthu, munthuyo asanachite kanthu koyenera mphotho, ndiponso kuti munthu woitanidwayo sali ngati mwala, angathe kukana. Koma za m'mene ziwirizi zimagwirizanirana, Msonkhano sunanene. Anthu ophunzira sakhalitsa pa khomo lotseka osayesa kulitsekula.

Mmodzi mwa amene analiyesa poyera anali Luis de Molina, Mjezuiti wa ku Spain, amene buku lake lotchedwa Concordia linasindikizidwa ku Lisbon mu 1588. Iye anati Mulungu amadziwa zonse zimene zingatheke, amadziwanso zonse zimene zidzachitikadi. Koma pakati pa nzeru ziwirizi pali ina yachitatu, imene anaitcha scientia media, ndiye kuti kudziwa kwapakati. Mwa nzeru imeneyi Mulungu amadziwa chimene munthu aliyense akanasankha mwa ufulu wake akanaikidwa pamalo akutiakuti, ngakhale malowo sadzafikapo konse. Otsatira ake ankakonda nkhani ya Davide ku Keila, m'buku loyamba la Samuele, mutu 23: Mulungu anamuuza kuti akakhala mu mzindamo anthu ake adzampereka kwa Saulo, Davide anachoka, ndipo kuperekedwako sikunachitike, komabe Mulungu ananena zoona. Motero, anatero Molina, Mulungu amapereka chaulere akudziwiratu m'mene munthu adzachilandirire, ndipo amayendetsa zonse popanda kukakamiza wina aliyense.

Domingo Báñez, Mdominikani wa ku Salamanca, amene anakhalapo wolapitsa Teresa Woyera wa ku Avila, anaona kuti maganizo amenewa akuchepetsa Mulungu. Kwa iye Mlengi sangakhale ngati mlenje wobisala pa thengo kudikira kuti aone kumene nyama ilowere. Mulungu ndiye gwero loyamba la kuchita kulikonse, ndipo ngakhale kuvomera kwa munthu ndi mphatso yake. Chaulere chimagwira ntchito mwa mphamvu yake yomwe, chimasuntha mtima mosalephera, koma chimausuntha monga mwa chikhalidwe chake, ndiye kuti mwa ufulu.

Ife amene tinaphunzirako filosofi tiyenera kunena kuti aliyense wa awiriwa anali ndi bala limene mnzake ankaliona bwino. Kwa Báñez tifunsa kuti: munthu amene sanalandire chaulere chosalepheracho, nachimwa, mlandu wake uli pati? Iye anayankha kuti munthuyo analandira chaulere chokwanira. Koma chokwanira chimene sichinapulumutsepo munthu pachokha ndi mawu ovuta kuwalalikira pa guwa. Kwa Molina tifunsanso kuti: chinthu chimene sichinachitike ndipo sichidzachitika, chimene Mulungu sanachilamule, kuona kwake kwakhazikika pa chiyani? Ndipo ngati Mulungu amayamba wayang'ana chimene munthu akanachita, kodi si munthu amene akutsogolera? Nchifukwa chake Madominikani ankati Majezuiti abwerera kwa Pelagius, amene Augustine Woyera analimbana naye, Majezuiti nkumati Madominikani ndi ana a Calvin ovala mikanjo yoyera.

Phokoso litakula ku Spain, Papa Clement VIII anaitanitsa mlandu ku Roma, ndipo mu 1597 anakhazikitsa bwalo limene mbiri imalitcha Congregatio de Auxiliis. Oweruza oyamba sanachedwe: mu 1598 analangiza kuti buku la Molina liletsedwe. Papa sanasaine. Kuyambira 1602 anayamba kukhala pa bwalo iye mwini, kumvetsera mbali zonse ziwiri. Molina anali atamwalira kale mu 1600. Báñez anamtsatira mu 1604. Clement yemwe anamwalira mu 1605 mlandu uli m'manja. Leo XI sanakwanitse ndi mwezi womwe pa mpando, ndipo zonse zinagwera Paul V. Pamodzi, misonkhano yochitikira pamaso pa Apapa awiriwo inakwana 85.

Pa 28 August 1607, tsiku lokumbukira Augustine Woyera, Paul V anakumana ndi Makadinala komaliza, nkubalalitsa bwalo. Analola chipani chilichonse kuphunzitsa maganizo ake, analetsa kutchulana opanduka pa chikhulupiriro, ndipo anati chigamulo chidzaperekedwa pa nthawi yake.

Ena amati kumeneku kunali kuopa zipani ziwiri zamphamvu ndi mafumu ozichirikiza. Ndale zinalipo, sitikana. Koma tikaika mlandu pa sikelo, tiona kuti Papa sakanatsutsa Molina popanda kufooketsa mawu a ku Trent akuti munthu angathe kukana, m'nthawi imene otsatira Calvin ankaphunzitsa kuti Mulungu anasankhiratu ena ku moyo ndi ena ku chitayiko. Sakanatsutsanso Báñez popanda kuchititsa kaso Augustine ndi Thomas Aquinas, amene Báñez ankatsamira pa iwo. Mbali zonse zinkavomera chikhulupiriro chimodzi. Zinkasiyana pa kafotokozedwe, ndipo kafotokozedwe ndi ntchito ya masukulu.

Kuti Eklezia sanaleke kuweruza pa nkhani ya chaulere zinaoneka posachedwa. Buku la Cornelius Jansen lotchedwa Augustinus litatuluka mu 1640, Papa Innocent X anatsutsa mfundo zisanu mu 1653, mwa izo yakuti munthu sakaniza konse chaulere cha mumtima, ndi yakuti nkulakwa kunena kuti Kristu anafera anthu onse. Apo malire anali atadumphidwa. Koma pa mlandu wa Molina ndi Báñez, Papa Benedict XIV mu 1748 anangobwereza kuti masukulu onse ali ndi ufulu wophunzitsa, ndipo chigamulo chimene Paul V analonjeza sichinaperekedwe mpaka lero.