Luso lopenta tiakasinja tapulasitiki ta masewero ankhondo a patebulo

Ku Britain, Germany, Poland, America ndi maiko ena kuli anthu ambiri, ena a imvi zawo kale, amene akaweruka kuntchito amakhala pansi ndi kaburashi n'kumapenta tizifanizo tapulasitiki ta akasinja, mizinga, ndege ndi makina ena ankhondo. Tizifanizoti ndi zida za masewero ankhondo a patebulo, amene pa Chingerezi amati tabletop wargaming. Anthu awiri amandandalika magulu awo ankhondo patebulo lomwe aikapo timapiri, timitengo ndi mabwinja a nyumba. Mtunda amayeza ndi tepi, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya.

Pa bawo nkhomo zonse n'zofanana, palibe amene amafunsa kuti iyi ndi ya yani. Pa masewero awa kasinja aliyense ayenera kudziwika ndi maso kuti ndi wa mbali iti komanso ndi wa mtundu wanji. Komatu pogula, kasinjayo amabwera ali zidutswazidutswa, wotuwa ngati phulusa. Kulumikiza zidutswazo ndi kuzipenta ndi ntchito ya mwini wake, ndipo kwa ambiri imadya nthawi yochuluka kuposa kusewera kwenikweniko.

Kumene zidachokera

Gwero la masewerowa ndi maphunziro a usilikali. Mu 1824 gulu lankhondo la Prussia lidalandira Kriegsspiel, masewero omwe Georg von Reisswitz adakonza pofuna kuphunzitsa akuluakulu a asilikali, pogwiritsa ntchito mapu ndi tizidutswa tofiira ndi tabuluu. Mu 1913 mlembi H. G. Wells adatulutsa buku la malamulo lotchedwa Little Wars, la anthu wamba osewera ndi tiasilikali tachitsulo. Pulasitiki itafala itatha Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, makampani monga Airfix adayamba kugulitsa tiakasinja totchipa tolumikiza wekha.

Lero dzina lalikulu ndi Games Workshop, kampani yomwe idayamba ku London mu 1975 ndipo likulu lake lili ku Nottingham. Masewero ake a Warhammer 40,000, omwe adatuluka mu 1987, ndi a nkhondo zongopeka za m'tsogolo, zokhala ndi akasinja monga Rhino ndi Leman Russ komanso zimaloboti zoyenda ndi miyendo. Mu Disembala 2024 kampaniyi idalowa m'gulu la FTSE 100, la makampani akuluakulu a pamsika wa masheya ku London, umboni woti tizidole timeneti si nkhani ya ana. Okonda mbiri yeniyeni ali ndi Bolt Action ya kampani ya Warlord Games, nayonso ya ku Nottingham, ndi Flames of War ya ku New Zealand. Mu Bolt Action galimoto zimachepetsedwa ka 56, choncho kasinja wa Sherman, yemwe weniweni ndi wotalika pafupifupi mamita 6, amakhala wa masentimita 10 ndi pang'ono. Mu Flames of War zimachepetsedwa ka 100, ndipo Sherman yemweyo amakwana pachikhatho cha mwana.

Kupentera diso lomwe lili patali

Mfundo yaikulu ya luso lonseli ndi yakuti kanthu kakang'ono sikaoneka ngati chinthu chachikulu ngakhale kapakidwe penti yofanana ndendende. Pa kasinja weniweni, dzuwa limapanga mithunzi yakuya m'mipata ya zitseko ndi pansi pa mzinga, ndipo m'mphepete mwa zitsulo mumanyezimira. Pa kachifanizo ka masentimita 10 mipatayo ndi yosaya, mithunzi yake siioneka, ndipo wosewera amakaona ali chiimire, pamtunda wa mita imodzi kapena kuposa. Kakapakidwa mtundu umodzi wokha kamangooneka ngati chibuma chobiriwira. Wopenta ayenera kujambula yekha mthunzi ndi kuwala, n'kuzikokomeza kuposa momwe zimaonekera pa chinthu chenicheni. Pa chifukwa chomwechi ambiri amayeretsako pang'ono mtundu wa penti, poti mtundu weniweni umaoneka wakuda kwambiri pa kanthu kakang'ono.

Ntchito imayamba burashi isanakhudze penti. Zidutswa zimadulidwa pa kafelemu komwe zimatulukira m'chikombole, ndipo timizere totsalira pomwe mbali ziwiri za chikombole zidakumana timapalidwa ndi kampeni. Kamzere kosiyidwa pa mzinga kamadzaonekera kwambiri penti ikauma. Guluu wa pulasitiki samata ngati guluu wamba: amasungunula pang'ono nkhope ziwiri za zidutswa n'kuzisandutsa chinthu chimodzi, kotero wolakwitsa kumata savutika pang'ono pomatula. Ozolowera sayamba amata zonse. Matcheni oyendera, mutu wa kasinja ndi asilikali okwerapo amazipenta padera, chifukwa zikamatidwa burashi siifikanso kuseri kwa magudumu.

Kenako pamabwera penti yoyamba, ya primer, yomwe kawirikawiri amapopera kuchokera m'chitini. Ndiyo imagwira pa pulasitiki yoterera kuti penti ina ipeze pokhala. Nyengo imavuta apa. Kukatentha kwambiri, kapena chitini chikatalikira, penti imauma isanafike n'kugwera pa kasinja ngati mchenga. Kukakhala chinyontho chambiri imachedwa kuuma ndipo imatuluka yosasalala. Penti yopopera ya galimoto kapena ya zitseko ikathiridwa mochuluka imatha kudya pulasitiki.

Penti yofala kwambiri ndi ya acrylic, yosungunulira ndi madzi, ya makampani monga Citadel, Vallejo ya ku Spain ndi The Army Painter ya ku Denmark. Cholakwa cha pafupifupi aliyense woyamba ndi kuipaka yokhuthala monga yatulukira m'botolo. Imakwirira timisomali ndi timizere tonse tomwe wosema adavutikira, ndipo ikauma mikwasa ya burashi imatsala poyera. Duncan Rhodes, yemwe adatchuka ndi makanema ophunzitsa kupenta a Games Workshop, amadziwika ndi langizo limodzi lomwe ankalibwereza nthawi zonse, loti penti ikhale yamadzimadzi ndipo ipakidwe kawiri. Ulendo woyamba umaoneka wamawangamawanga, ndipo apa mpomwe wosapirira amaononga ntchito poonjezera penti pamwamba pa inzake isanaume.

Pa mthunzi pali penti ina yamadzi kwambiri, yakuda kapena yofiirira, yomwe imayenderera yokha kulowa m'mipata. Pa kamsilikali kovala malaya amakwinya, munthu amangoitsanulira thupi lonse ndipo zimatheka. Pa kasinja njira imeneyi imagwiritsa mwala. Kasinja ali ndi malo aakulu osalala, ndipo pentiyo ikasowa mpata wolowamo imadikha n'kuuma ngati dontho la tiyi pa nsalu ya patebulo. Choncho pa makina ankhondo amaidontheza ndi nsonga ya burashi m'mizere mokha ndi mozungulira timisomali. Kuwala amakupanga m'njira ziwiri: kujambula kamzere kowala m'mphepete monse mwa zitsulo, njira yaukhondo koma yochedwa, kapena kupukuta burashi mpaka itatsala pang'ono kuuma n'kumaisesa pamwamba kuti penti itsalire pamalo otukuka okha. Amene ali ndi kachipangizo kopopera ndi mpweya, ka airbrush, amamaliza akasinja khumi pa nthawi yomwe wa burashi akadali pa wachiwiri.

Mtundu uti?

Mu masewero ongopeka munthu ali ndi ufulu: kasinja wofiira psu kapena wachikasu palibe womuletsa. Mu masewero a mbiri mtundu umanena chaka ndi malo. Akasinja a Germany kumayambiriro kwa Nkhondo Yachiwiri adali otuwa moderako, koma kuyambira mu Febuluwale 1943 ankatuluka m'fakitale ali achikasu moderako, ndipo asilikali ankaonjezera okha mawanga obiriwira ndi ofiirira. A America adali obiriwira mofiirira, mtundu wotchedwa olive drab, ndipo ambiri adali ndi nyenyezi yoyera. Wopenta kasinja wa 1940 ndi mitundu ya 1944 sachedwa kudzudzulidwa ndi anzake, ngakhale kuti kukangana pa mlingo weniweni wa mtundu nthawi zina n'kungotaya nthawi, poti dzuwa, fumbi ndi kasungunulidwe ka penti kunkhondo zinkasintha maonekedwe a galimoto iliyonse.

Nkhondo zimene zimaseweredwazi zimakhudzanso mbiri ya kuno. Asilikali a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles adamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Italy kum'mawa kwa Africa mu 1940 ndi 1941, ndipo mu 1944 adali ku Burma. Wofuna kuyala nkhondo ziwirizo patebulo afunika mitundu iwiri yosiyana: ya dothi louma ku Africa, yobiriwira ya m'nkhalango ku Burma.

Zizindikiro nazo zili ndi nkhani yake. Malamulo a dziko la Germany amaletsa kuonetsa poyera chizindikiro cha swastika cha chipani cha Nazi, ndipo makampani ambiri sachiika m'mabokosi awo. Zizindikiro ndi manambala zimabwera pa kapepala konyika m'madzi, ndipo zimamatidwa pamalo opakidwa vanishi wonyezimira. Pamalo okhakhala mpweya umatsekeredwa pansi pake, chizindikiro n'kumaoneka ngati chigamba.

Kukalambitsa kasinja

Kasinja wopentedwa bwino koma waukhondo amaoneka ngati chidole. Gawo lomwe ambiri amalikonda ndi lomudetsa. Kachidutswa ka siponji koviikidwa mu penti yofiirira moderako kamadindidwa m'makona ndi pa zitseko kuti paoneke ngati penti idasupuka. Pensulo wamba akakhutizidwa m'mphepete mwa matcheni amapereka kunyezimira kwa chitsulo chopekesedwa. Ufa wa mitundu umakhala fumbi ndi matope, ndipo kadontho ka penti ya mafuta kakakokedwera pansi ndi burashi yonyowa kamasanduka mkwasa wa mvula kapena wa dzimbiri.

Funso lotsogolera ndi lakuti dothilo lidachokera kuti. Matope amakhala kumunsi ndi kumbuyo komwe matcheni amawaponyera. Penti imasupuka pomwe nsapato zimaponda ndi pomwe manja amagwira. Mwaye umakhala potulukira utsi. Wothira dzimbiri ponseponse amaiwala kuti akasinja ambiri a m'nkhondo ija sankakhalitsa mpaka kuchita dzimbiri lotere, ndipo galimoto ya aluminiyamu ngati M113 ya America siichita dzimbiri lofiira. Komabe pa mtunda wa mita imodzi kukokomeza pang'ono kumathandiza, ndipo malire ake ndi nkhani yomwe opentawo sagwirizana mpaka lero. Pomaliza pamapakidwa vanishi wosanyezimira, chifukwa zala za osewera zimafufuta penti msanga.

Kupenta kuli ndi mphotho yake pabwalo. Mipikisano yambiri yakhala ikufuna kuti chifanizo chilichonse chikhale ndi mitundu yosachepera itatu, ndipo mu 2020 malamulo a mipikisano ya Warhammer 40,000 adayamba kupereka mapointi 10 kwa amene gulu lake lonse ndi lopentedwa. Kwa akatswiri kuli mpikisano wa Golden Demon, womwe udayamba mu 1987, ndipo wopambana onse amalandira lupanga lenileni lotchedwa Slayer Sword.

Amene walakwitsa sataya kasinja wake. Penti ya acrylic imasupuka ikanyikidwa mu isopropyl alcohol, ndipo ku Britain ambiri amagwiritsa ntchito Dettol ndi mswachi wakale. Chosayenera kuyesa ndi acetone, yomwe imapezeka m'mankhwala ambiri ochotsera penti ya zikhadabo: imasungunula penti pamodzi ndi kasinja yemwe.