Ntchito ya Zojambula ndi Zosema ku Lusaka

Ntchito ya zojambula ndi zosema ku Lusaka ndi ya anthu amene amadyera luso la manja awo: kupenta zithunzi, kusema mitengo ndi miyala, ndi kuumba. Ambiri alibe malo apadera ogwirira ntchito. Wojambula wokhala ku Avondale, dera la nyumba zogona anthu kum'mawa kwa mzindawu, amapentera m'galaja kapena pakhonde, koma kuti aonekere amayenera kutsika ndi msewu wa Great East, umene umadutsa pa Yunivesite ya Zambia, pa Arcades ndi pa Showgrounds.

Mbiri

Dzina loyamba kutchulidwa pankhaniyi ndi la Henry Tayali. Anabadwira ku Serenje mu 1943, nakulira ku Bulawayo, ndipo anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda, kenako ku Düsseldorf ku Germany. Atabwerera kwawo anagwira ntchito pa Yunivesite ya Zambia, pomwe chiboliboli chake chotchedwa The Graduate chiimirebe mpaka lero. Anamwalirira ku Aachen mu 1987. M'masiku ake ojambula monga Patrick Mweemba, David Chibwe ndi Fackson Kulya ankagwirira ntchito pa koleji ya Evelyn Hone, ndipo kuyambira mu 1978 nyumba ya Mpapa Gallery inayamba kuwagulitsira zopanga zawo.

Mu 1986 Cynthia Zukas, Bente Lorenz ndi Tayali anakhazikitsa Lechwe Trust, bungwe logula ntchito za ojambula a m'Zambia kuti zisathere kunja, komanso lolipirira ena sukulu. Ojambula eniake anayambitsa Visual Arts Council mu 1989, ndipo mu 1995 anatsegula likulu lawo pa Showgrounds nalipatsa dzina la Tayali. Lamulo lokhazikitsa National Arts Council, imene imapereka mphotho za Ngoma, linadza mu 1994. Lechwe Trust inadikira mpaka 2018 kuti itsegule nyumba yakeyake yoonetsera zithunzi ku Rhodes Park.

Maphunziro ndi malonda

Ena amaphunzira pa Evelyn Hone, ena amatenga digiri ku Zambian Open University, koma ochuluka amakulira m'manja mwa mmisiri wamkulu, kuyambira kutsuka maburashi. Nyumba zoonetsera, monga 37d Gallery ku Kabulonga, zimatapa gawo pa mtengo wa chithunzi chikagulidwa. Ogula amakhala makamaka alendo, akazembe, mahotela ndi mabanki. Penti yabwino imachokera kunja, kotero kwacha ikagwa wojambula amamva kuwawa asanagulitse n'chimodzi chomwe.

Ntchito za tsiku ndi tsiku

Apa ndiye pali moyo weniweni wa ntchitoyi. Chionetsero chimabwera mwa apo ndi apo, pamene lendi safuna kudikira. N'chifukwa chake dzanja lomwe lapenta chithunzi cha m'galare limalembanso zikwangwani: mitu yometedwa bwino pakhoma la baba, nkhuku yonenepa pa shopu ya zakudya za ziweto, njovu ndi zilembo zamitundumitundu pampanda wa sukulu ya mkaka. Ena amatchuka ndi nkhope. Munthu amatumiza chithunzi pa WhatsApp, amalipira theka pa foni, ndipo tsiku la ukwati kapena lopumitsa bambo pantchito mphatso imatuluka itakulungidwa. Makasitomala otere sanyengerera; mphuno ikapotoka pang'ono, ndalama yotsala ija musaiwerengere.

Osema ali ndi kwawo ku Kabwata Cultural Village, mumsewu wa Burma. Nyumba zozungulira zaudzu za kumeneko anazimanga atsamunda kuti muzigona antchito achikuda, ndipo zotsala zinasandutsidwa mudzi wa zaluso mu 1974. Munthu akalowa amapeza mmisiri wapana chipika ndi mapazi, kasemasema ali m'manja, mvuu ikutuluka pang'onopang'ono, mnzake akupukuta yomalizidwa ndi polishi wa nsapato kuti iwale. Mtengo woyamba kutchulidwa sukhala womaliza, ndipo wodziwa Chinyanja amachotseredwa msanga kuposa wobwera ndi kamera pakhosi.

Tinganene kuti ntchitoyi yathandiza kusunga chithunzi cha moyo wa m'tauni ya Lusaka, ngakhale odalira yokhayi ndi ochepa. Lamlungu lililonse osema ndi ojambula amayala katundu wawo pamsika wa pa Arcades.