Masitolo akale a pa Boma alibe kaundula

Ku England kuli midzi imene munthu sungangodzuka m'mawa n'kuzula zenera la nyumba yako chifukwa latopetsa. Nyumbayo ndi yako ndithu, koma ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, ndiye usanaikhudze umayamba wapita ku khonsolo kukapempha chilolezo. Ukachita makani, ndi mlandu wa kukhoti. Kaundulayu anabadwa ndi malamulo a 1944 ndi 1947, mabomba a nkhondo yachiwiri atasalaza nyumba zambiri zakale. Nyumbazo anazigawa patatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Zambiri zedi zili m'gulu lomalizali, ndipo ndi zimenezi zimandikoka mtima ine, osati nyumba zachifumu. Muli shopu ya buledi, nyumba ya wosula zitsulo, bala ya pakona, ngakhale kanyumba kofiira koimbiramo telefoni. Msewu umodzi wa m'mudzi umatha kukhala ndi nyumba zotere zondondozana, iliyonse ndi nambala yake komanso mbiri yake yolembedwa.

Nanga pa Chiradzulu Boma, kwathu, tikanati tilembe kaundula wotere, tikanaikamo chiyani?

Aliyense angayankhe mwachangu kuti PIM, ndipo sangalakwe, ngakhale kuti PIM ili ku Mbombwe, kapatali ndithu ndi pa Boma. John Chilembwe anabwerako ku America mu 1900, ataphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, n'kuyambitsa Providence Industrial Mission. Pofika 1913 anali atamaliza tchalitchi chachikulu cha njerwa zowotcha. Taganizani nthawi imeneyo: anthu akulima thangata m'maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, matchalitchi audzu a PIM akutenthedwa m'maesitetimo, koma munthu wakuda n'kuimika nyumba yolingana ndi za amishonale achizungu. Pa 23 Januwale 1915 kuukira kunayamba, William Jervis Livingstone anaphedwa ku Magomero, gulu lina linakathyola sitolo ya Mandala ku Blantyre kufuna mfuti, ndipo patangopita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa. Asilikali a boma atafika ku Mbombwe anaphulitsa tchalitchi chija ndi mabomba. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale.

Ndiye nyumba yotchuka kwambiri m'boma lathu ndi nyumba imene boma linagwetsa dala. Zotsala zake ndi zibuma za njerwa zogwirana ndi matope, zili pansi. Tchalitchi chimene mumachiona pa TV tsiku la 15 Januwale ndi china, chomangidwa Dr Daniel Malekebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Azungu aja ankadziwa bwino kuti nyumba imalankhula, n'chifukwa chake sanakhutire ndi kupha mwiniwake yekha.

Malamulo oteteza zakale tili nawo. Pali Monuments and Relics Act ya 1990, ndipo nthambi ya boma yoona za zinthu zamakedzana ndi imene imayang'anira malo ngati PIM, Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels cha 1891 ku Blantyre. Koma taonani mtundu wa malo amene timateteza: mishoni, manda a azungu, malinga a nkhondo, zipilala. Malo a anthu akuluakulu ndi zochitika zikuluzikulu. Kumene agogo athu ankagula mchere ndi palafini kulibe amene amakuwerengera.

Pa Boma penipeni, m'tsinde mwa phiri lija, mbiri yake si ya mfuti. Liwu loti boma ndi la Chiswahili, kutanthauza mpanda kapena linga. Zija ena amati ndi chidule cha mawu a Chingerezi n'zopeka chabe. Mzungu wa boma akakhazikika pamalo, pankabwera ofesi, khoti, ndende, nyumba za amesenjala ndi makalaliki. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo pamene pali ndalama sitolo sichedwa. Mwa masitolo a m'Nyasaland, mitundu itatu inali yodziwika kwambiri. Panali a Mandala, kampani ya African Lakes, dzina lochokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Panali a Kandodo. Ndipo panali a Amwenye, amene anafalikira mpaka m'matauni ang'onoang'ono kumene mzungu sakanakhala.

Sitolo ya Mmwenye ngakhale lero mukhoza kuizindikira. Ndi yaitali chopingasa, yoyang'ana kumsewu, ya khonde lalikulu la mizati ya njerwa, denga la malata okhuthala aja osabooka msanga, zitseko ziwiri zamatabwa, banja likukhala kuseri. Agogo anga aakazi ankati kugula nsalu inali ntchito ya tsiku lonse. Umalowa, kunenerera mtengo mpaka kutopa, Mmwenye n'kuyeza mayadi, kukupatsa basela wa singano kapena kamchere, kenako umatuluka n'kupereka nsaluyo kwa telala amene wakhala pakhonde pomwepo ndi mashini ake a Singer. Telalayo anali wakuda, ndipo khonde limenelo linali sukulu ya amuna ambiri amene pambuyo pake anadzatsegula magolosale awoawo. Komanso agogowo sankabisa kuti kuseri kwa kauntala kunali chipongwe, ndipo sikelo sinali yokhulupirika masiku onse. Zonse ziwirizi ndi mbiri, ndipo zonse zinachitikira pansi pa denga limodzi.

Kenako kunabwera lamulo la Kamuzu. M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula kuti Amwenye achoke m'madera akumidzi azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu basi, ndipo pofika 1978 anali atasamuka. Cholinga chinali choti malonda a kumudzi akhale m'manja mwa Amalawi, ndipo Chipiku inabwera kuti iziwapikulitsa katundu. Ena zinawayendera. Ambiri analibe mpamba, analibe wowakongoza katundu ngati mmene Amwenye ankachitirana pachibale, ndiye masitolo ambiri anatsekeka m'zaka zochepa. Mukamayenda msewu wa Blantyre kupita ku Zomba, kudutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, muziponya maso kunja m'malo moyang'ana foni. Nyumba za makonde zija, zina zasanduka mabala, zina zigayo, zina matchalitchi, zina zangotsala makoma, ndi umboni wa lamulo limodzi lomwe linasintha nkhope ya tauni iliyonse yaing'ono m'dziko muno. M'mabuku a kusukulu nkhaniyi ine sindinaipezemo.

Sindikunena kuti titengere za ku England momwe zilili, ayi. Kumeneko komwe eni nyumba amadandaula kuti kukonza nyumba yotetezedwa kumadula koopsa. Kuno ungamuuze bwanji mayi amene sitolo yake ikudontha kuti asasinthe malata chifukwa ndi a nthawi ya atsamunda? Adzakufunsa kuti, "Nanga mugula ndinu katundu akanyowa?" ndipo adzakhala akunena zoona. Komanso pali funso lowawa: n'kusungiranji nyumba zimene makolo athu ankalowera khomo lakuseri? Ine yankho langa ndi lakuti ofesi ya DC yakale anaumba njerwa zake ndi anthu a konkuno, ndipo nyumbayo ikagwa umboni wa thukuta lawo umagwera limodzi.

Chimene a ku England anatipambana si ndalama zokha. Anayamba ndi kulemba. Anatuma anthu kuyenda msewu ndi msewu, kope m'manja, kulemba kuti nyumba iyi ndi ya zaka ziti, njerwa zake n'zotani, ankachitiramo chiyani. Ntchito imeneyo pa Boma pathu ingatheke ndi foni imene mukuwerengera nkhaniyi: kujambula nyumba kutsogolo ndi kuseri, kenako kukhala pansi ndi agogo a pafupi n'kuwafunsa kuti, "Agogo, muno munali ndani kale, nanga ankagulitsamo chiyani?" Amene anali anyamata ndi atsikana mu 1978 pano adutsa zaka 60, ndipo matelala a pakhonde aja atsala owerengeka.

Nthawinso sikutidikira. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali ya phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira, anthu ndi nyumba zomwe. Njerwa zakale zomangira dothi sizilimbana ndi mvula yotero chaka ndi chaka. Zimene mvula yasiya, akumaliza ndi eni mapuloti, poti pamalo pa sitolo imodzi ya khonde pamakwana timashopu tinayi ta zitseko zachitsulo, kalikonse ndi lendi yake pamwezi.